Chipaipi cha m'Balani

"Afika kale pamlatho," anatero Elifala, mnansi wanga, atasuzumira pakhomo. "Ndi amayi a Chigwirizano, onse ali mu yunifolomu."

Ndinayang'ana chipaipi chakuda chimene chinadutsa m'chipinda mwathu, nkhope yanga nkutentha.

Tinali matenanti pa esiteti ina ya fodya kumapiri a Ntchisi, zipani zambiri zitangoyamba kumene. Mwana wathu Lonjezo anabadwa masiku asanakwane, ndipo anamwino kuchipatala cha Mtengowanthenga anatichenjeza kuti asazizidwe. Unali mwezi wa Juni, ndipo mbaula inkamutsokomoletsa. Amuna anga, a Nowa, ankasonkhezera moto m'mabalani oumitsira fodya. Anaumba kang'anjo kuseri kwa nyumba, naboola khoma, nalowetsa paipi yopyapyala. Sinathandize kwenikweni, timapazi ta mwana tinkazizirabe. Ndiye anakapempha kwa kapitawo paipi yaikulu yotha ntchito ya m'balani. Kukamwa kwake sikunagwirizane ndi ng'anjo, choncho anakulitsa bowo, nasula chitini cha mafuta ophikira kuti chilumikize ziwirizo, namata ndi dothi lapachulu.

Chipinda chinafunda. Koma kuchitsime nkhani inali yathu.

"Rakele akuumitsidwa ngati fodya," ankatero ponena za ine. "Akafiira bwino apita naye ku okushoni."

Tsono tsikulo, alendo ali pafupi, ndinatulutsa chitenje changa chatsopano nkuphimba chipaipicho.

Alendowo anakhala pamphasa, namuona mwana, nayamba nyimbo. Amayi Manesi, mtsogoleri wawo, ali pakati pa pemphero, fungo linamveka. Ndinatsinzina kwambiri ngati kutsinzinako kungalichotse.

"Kukupsa!" anakuwa wina.

Chitenje chinali chitagwira moto, pafupi penipeni ndi pamene panagona Lonjezo. A Nowa, amene ankawaza nkhuni panja, analowa chothamanga nkuchikoka ndi manja. Chinakola pa chitini chija, cholumikizira chinaguluka, utsi wonse wa m'ng'anjo unakhuthukira m'nyumba. Amayi Manesi ananyamula mwana nathawira naye pabwalo, ena akutsatira, akutsokomola, malaya awo oyera ali mwaye wokhawokha.

Anthu a m'nyumba zoyandikana anasonkhana. Panalibe woseka, ndipo ndinalakalaka akanaseka.

"Mwaikapo nsalu ndani pa chitsulo chamoto?" anafunsa amayi Manesi.

Ndinayang'ana pansi.

"Ndine, mayi," anatero a Nowa, atabisa manja kumbuyo. "Ndimayanika."

Amayi Manesi anawayang'ana, kenaka anayang'ana ine nthawi yaitali. Anandipatsa mwana. Lonjezo ankapuma bwinobwino, akuyamwa chala.

Alendo atapita ndinawapeza amuna anga atagwada pa ng'anjo. Dzanja lamanja linali litatuluka matuza, atalikulunga ndi kasanza.

"Bambo a Lonjezo, tiyeni kuchipatala."

"Dzuwa likalowa kuzizira," anatero osatembenuka. "Tandigwirirani apa."

Ndinagwada pambali pawo nkugwira chitini chopindikacho. Azimayi obwera kuchitsime ankadutsa ndi ndowa zawo, akutiyang'ana. Sindinadzutse mutu. A Nowa ankatapa dothi ndi dzanja lamanzere, namata pang'onopang'ono mozungulira zala zanga, dzanja lopsalo atalikweza m'mwamba kuti lisakhudze kanthu.