Njenjete za Pamwamba

Mpopi wa kukhitchini kwa Telala, mayi wosoka zovala, unayamba kudontha chaka chimene mwana wake womaliza anachoka pakhomo. Mwamuna wake, dalaivala wa basi wopuma ntchito, anali munthu wabwino ndithu, koma mawu amene ankawakonda kuposa onse anali akuti "mawa". Mpopi, mawa. Chitseko cha kubafa chimene chinkafuna phewa kuti chitseguke, mawa. Telala anafika pomutcha a Mawa, mwiniwake n'kumavomera dzinalo akumwetulira ngati am'patsa udindo.

Ndiye tangoganizani mmene mayiyu anamvera Loweruka lina ataona a Mawa omwewo akutuluka ndi bokosi la zipangizo, malaya atapisira bwinobwino, akuimba likhweru.

"Ulendo wa kuti, bambo?"

"Pamwambapa, kwa aphunzitsi. Njenjete zawathera mabuku. Akuti pansi pa sinki pakudontha, ndiye chinyezicho n'chimene chikuziitana."

"Pakudontha? Ayi, thamangani. Munthu kukhala m'nyumba yodontha n'zomvetsa chisoni."

"Eetu," anatero a Mawa, osamva n'komwe kumene mawuwo akulowera. Anakwera masitepe ngati mnyamata.

Mphunzitsiyo anali asanakhalitse m'nyumba ya pamwamba pawo. Anali mayi wa msinkhu wapakati, wokhala yekha, wovala magalasi, wa mawu ofewa. Sanali chiphadzuwa, ndipo zimenezi n'zimene zinkamupweteka kwambiri Telala, chifukwa chiphadzuwa umachinyoza mosavuta. Koma uyu ankapereka moni mwaulemu pamasitepe, sankaponda mwaphokoso, ndipo ankavala masiketi osokedwa bwino moti ngakhale diso la telala silinkapezapo polakwika.

Telala ankasokera pabalaza, pafupi ndi zenera. Denga la nyumbazo linali lopyapyala, choncho chilichonse cha pamwamba chinkatsikira pamutu pake. Ankamva makatoni akukokedwa, nyundo ikugogoda, kenako zii. Ziiyo ndiye inali yoipa kuposa phokoso. Ankaimitsa makina n'kutchera khutu, ulusi uli kukamwa, mpaka amve kuseka kwa mwamuna wake. Kuseka kumeneko ankakudziwa, koma anali atakhala nthawi yaitali osakumva pafupi.

Loweruka limodzi linabala Loweruka lina, kenako Lachitatu nalo linalowa m'gulu. A Mawa ankatsika ali fumbi lokhalokha, nkhani zili mbwee. Munthu amene pathebulo ankangoti "mchere" tsopano sankatseka pakamwa.

"Mukanaziona, mayi. Tating'onoting'ono, totuwa ngati siliva, topanda mapiko, tindevu kutsogolo, timichira titatu kumbuyo. Mukangotukula buku, tabalalika kale. Timadya guluu wa mabuku, mapepala, zovala za sitachi. Aphunzitsi akuti timatha miyezi osadya kanthu koma osafa."

"Aphunzitsi akudziwa zambiri."

"Kwambiri. Ndiye pali msampha wake. Mumatenga botolo lagalasi lapakamwa papakulu, n'kulikulunga tepi kunja kuti tipeze popondera. M'kati mumaikamo kachidutswa ka buledi. Timakwera bwinobwino, koma tikagweramo basi, galasi n'loterera, kutuluka kulibe."

"Zoona, bambo. Pali malo ena olowa mosavuta koma kutuluka kwake kovuta."

"Ndendende," anatero a Mawa, akusangalala kuti mkazi wake wamvetsa.

Telala sanali munthu wodzinamiza. Ankadziwa kuti chimene chikumudya ndi nsanje, ndipo ankachita nayo manyazi. Mayi wa zidzukulu kumachitira nsanje tizilombo! Umboni analibe. Mwamuna wake ankabwera nthawi yabwino, sankabisa foni, sankanunkhira mafuta achilendo. Kungoti manja amene kwawo anali olemera ngati mtondo, pamwamba ankapepuka. Tsiku lina anayesa kunena mosazungulira kuti, "Bambo, kunonso kuli nyumba." A Mawa anayang'ana mpopi uja, n'kugwedeza mutu momvera chisoni, n'kunena mawu awo aja.

Maganizo oipa sabwera ndi ng'oma. Anabwera m'mawa wina m'basiketi, a Mawa atatsika ndi mabotolo a misampha aja.

"Tawiritsani madzi, mayi, tizithire izi. Ketulo ya aphunzitsi yafa."

"Siyani pomwepo, ndithira ndine. Inu bwererani, angakusoweni."

Atatsala yekha, Telala ananyamula botolo limodzi n'kuliyang'anitsitsa pazenera. Tizilomboto tinkazungulira pansi pa galasi, tikunyezimira, tikuyesa kukwera n'kumaterereka. Anationa kunyansa, komanso anatisirira. Tinthu topanda pake ngati timeneti tinatha kuchita zimene iye analephera ndi pakamwa pake zaka zonsezi. Madzi anawira mpaka ketulo inazima yokha. Iye anali kuchipinda, atagwada kutsogolo kwa kabati ya zovala, akukhuthulira mabotolowo kuseri kwa nsapato. Lomaliza anakalikhuthulira m'katoni ya mapepala ake odulira masitayilo. Kenako anatsuka mabotolo onse mpaka mbee.

Poti ngati mankhwala oitanira mwamuna anali njenjete, nayenso akhala nazo zake.

Kwa nthawi ndithu sipanaoneke kanthu, moti anayamba kukwiya kuti ngakhale tizilombo tikumukana. Pamwamba ntchito sinkatha. Njenjete zitachepa panabuka za mashelefu, mashelefu atatha panabuka zomata ming'alu ya m'khoma. Koma alendo a Telala sanagone. Nyumba yake inali yachinyezi, yodzaza nsalu, mapepala ndi sitachi. Kwa njenjete kumeneko kunali kufika.

Anazindikira tsiku limene anafuna pepala lodulira kolala ya diresi. Analipeza litadyedwa m'mphepete monse, pena lapyapyala ngati khungu la anyezi. Atatukula mulu wonse, pansi pa katoni panayenda. Anathamangira kuchipinda. Nsalu yoyera ya kasitomala wina, imene anaiika sitachi n'kuipinda bwinobwino, inali ndi timabowo ndi timadontho tachikasu. Bulawuzi yake ya kutchalitchi chimodzimodzi. Anakhala pabedi. Walira mvula walira matope, ankadziwa zimenezo. Komabe pansi pa mantha onsewo panali kachimwemwe kochititsa manyazi.

Anatsuka kumaso, n'kukaima pakhomo la pabalaza nsalu ija ili m'manja.

"Bambo, taonani. Zafika kuno."

A Mawa anaika nyuzipepala pansi. Anatenga nsaluyo, n'kuiunika, maso n'kuwala ngati mwana amene wapatsidwa mpira. Telala anamva kutentha m'chifuwa. Anali atakonzeka kale kugwira tochi, kupatsira tepi, kuseka nthabwala zilizonse zimene zingabwere.

"Ndi zomwezo ndithu," anatero a Mawa. "Dikirani ndikawaitane."

"Mukaitane ndani?"

"Aphunzitsi. Katswiri ndi iwowo, ine paja ndimangonyamula ndi kukhoma."

Telala asanawaletse, masitepe anali akulira kale.

Mphunzitsi anafika atamanga kansalu kumutu, atanyamula burashi ndi chitini cha ufa wophera tizilombo. Anavula nsapato pakhomo ngakhale sanauzidwe.

"Pepani kwambiri, mayi," anatero. "Ndikuopa kuti mwina zachokera kwathu. Zimatsata mapaipi. Ndadzimvera chisoni."

"Musadandaule, zimachitika," anayankha Telala. Akanakonda mayiyu akanabwera ndi mwano.

Mphunzitsi anazungulira nyumba yonse, akugwira makoma ndi kuseri kwa dzanja. Atafika kukhitchini anaima.

"Achimwene, tisanachite chilichonse, mpopiwu. Popanda kuumitsa muno tingotaya nthawi."

A Mawa anagwada pansi pa sinki nthawi yomweyo. Tiyi amene Telala anatereka asanawire, mpopi unali utasiya kudontha. Khitchini inangoti zii, ndipo Telala anaima pakati pake akumva ngati wina wamuwomba mbama.

Kenako awiriwo analowa kuchipinda. M'chipinda mwa Telala, mmene ngakhale mng'ono wake weniweni ankayamba waodira. Kabati yonse inakhuthulidwira pabedi: madiresi amene anasiya kumukwana, mapitikoti otha lasitiki, zamkati zimene mkazi sayanika poyera. Mphunzitsi ankazigwira mwaulemu, osayang'anitsitsa, ndipo ulemuwo unkabaya kuposa chipongwe. Choipitsitsa chinali kagwiridwe kawo ka ntchito. Sankauzana zambiri. Mphunzitsi akangotambasula dzanja, burashi inali itafika kale. Akagwira nsonga ziwiri za bulangeti, a Mawa anali atagwira kale zinazo, n'kukutumula pamodzi, n'kupinda, n'kukumana pakati. Telala anaima pakhomo ndi thireyi ya makapu ngati wantchito m'nyumba ya eni.

"Zovala zonsezi zichapidwe ndi madzi otentha, ziume padzuwa," anatero mphunzitsi akulandira kapu. "Makatoni onse atayidwe. Mukasesa, ufawu muuwaze m'makona ndi m'ming'alu, koma mutsegule mazenera. Chitinichi ndikusiyirani, ine sindichifunanso. Chachikulu n'kusatopa, mayi, chifukwa zimabwerera. Mupitirize nokha poti ine kumapeto kwa mwezi uno ndikusamuka."

"Mukusamuka?" anafunsa Telala.

"Eya. Bambo akunyumba atopa kukhala okha kumene akugwira ntchitoko. Andipezera sukulu konko. N'chifukwa chake ndinalimbana nazo chonchi njenjetezi, sindinafune kupita nazo kunyumba yatsopano." Anaseka pang'ono. "Akanapanda achimwenewa sindikanatha. Muli ndi mwayi, mayi, amuna anu ndi a manja abwino."

Chimwemwe chinamukwera Telala kuchokera kumapazi. Anafuna kumukumbatira mayiyu, kumusokera diresi yaulere, kumuthandiza kumanga katundu lero lomwe. Anatembenuka kuti aone mwamuna wake.

A Mawa anali atagwada, mutu uli m'kabati, akusesa pakona. Burashi inali itaima. Msana wokhawokha ndiwo unkaoneka, kenako anatulutsa mutu pang'onopang'ono.

"Simunandiuzetu," anatero.

Mawuwo anatuluka aang'ono, osweka pakati, osakhala a munthu amene akufunsa za mnansi.

"Aa, ndimayesa ndinanena," anayankha mphunzitsi mosalabadira, akupukuta magalasi ake. "Mutu wangawu masiku ano. Zikomo tiyi, mayi, ndikaone zophika."

Telala anamuperekeza mpaka pakhomo. Tsopano zonse zinali poyera. Mayi uja sanabe kanthu, sankadziwa n'komwe kuti pali chimene chagwera m'manja mwake. Miyezi yonseyi Telala ankafuna umboni, osadziwa kuti kukayikira kunali kumuchitira chifundo, chifukwa munthu wokayika amathabe kudziuza kuti mwina akulota.

Atabwerera kuchipinda anapeza mwamuna wake atakhala m'mphepete mwa bedi, pakati pa mulu wa zovala, burashi ili pamiyendo. Maso ake anali ofiira, tsaya limodzi lonyowa. Ataona mkazi wake anapukuta msangamsanga ndi mkono wa malaya.

"Ufa uja wandilowa m'maso," anatero. "Ndi woyabwa kwabasi."

Mawu onse amene Telala anawasunga miyezi yonseyi anafika pakhosi, akuthwa, okonzeka. Koma anayang'ana mutu wa imviwo ndi mapewa akugwawo. Anapita kubafa, ananyowetsa kansalu ndi madzi ozizira, n'kubwera kudzamupatsa.

"Gwirizani apa, bambo. Musatikite, mungawonjeze."

Anakhala pambali pake, n'kuyamba kusankhula zovala zoti zichapidwe. Chitini cha ufa chinali pawindo pomwe mphunzitsi anachisiya, chisanatsegulidwe n'komwe.