Mwiyo Wosayankhidwa

"Mlamu, nshawa zija mwasiyira chiswe?" anafunsa Dailes, akutsitsa khasu paphewa.

Dolika anangoyang'ana pansi. Chimwalirire mwamuna wake Matiyasi, kumunda kuja, kuseri kwa Tamanda, sanapondeko. Nshawa, mtedza wake uja, zinali zitakhwima kalekale, zina zikumereranso m'nthaka, chonsecho ndizo zinali mchere ndi sopo wake wa chaka chonse.

"Amandiitana," anatero pomaliza. "Achimwene anu. Mluzu womwe uja ankaimba akamaweruka kumunda, ine n'kuyankha ndili pamtondo. Paja woitanidwa ndi wakufa akangovomera, wapita."

"Aa! Munthu wa korona m'khosi inu! Achimwene ulesi wawo uja, adzuke kumanda kudzangoimba mluzu? Tiyeni tikaone."

Atangofika m'malire mwa munda, pachitsamba cha pansi pa msuku, zinamveka: huu, huuu! Dolika anabwerera cham'mbuyo. Ngakhale Dailes, mwini kulimba mtimayo, anadzilemba mtanda mwakabisira.

"Njutani pansi," ananong'ona Dailes. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Anadikira mpaka miyendo dzanzi. Kenaka masamba anagwedezeka, kambalame n'kutulukira, kakudumphadumpha m'nthambi zam'munsi: kumsana bii, pachifuwa poyera mofiirira, pamapiko kamzere koyera. Kanatukula khosi. Huu, huuu!

"Ndi mwiyo uyu, mlamu!" Dailes anaseka mpaka kugwira nthiti. "Achimwene anaba nyimbo ya mbalame n'kukufunsirani nayo!"

"Mwiyo ndimaudziwa ine. Suimba choncho."

"Chifukwa suimba wokha. Yaimuna imayamba, yaikazi n'kumaliza, ukamamva ngati mbalame imodzi. Iyi ikungoyamba basi. Inzake kaya inapsa ndi lupsa, kaya ndi legeni."

Kuseka kunathera pomwepo. Dolika mantha anamuchoka, koma m'malo mwake munalowa chisoni choopsa kuposa manthawo. Kambalame kanaimbanso, n'kupendeketsa mutu, kakumvetsera. Thengo lonse linali chete.

Dolika ananyambita milomo, n'kuimba mluzu wake uja wa pamtondo.

"Mlamu, musavomere!" Dailes anamugwira mkono, atayiwala kuti ndi iye amene ankaseka.

Huu, huuu! Kambalame kanasendera pafupi.

Dolika anatola khasu la mlamu wake, misozi ili chuchuchu, n'kuyamba kukumba mzere woyamba. Kakaitana, iye ankayankha, mpaka dzuwa linapendeka.