Msuzi wa Kimchi ya Malemu

"Tseka chitseko, kuwala kukutisokoneza," anatero a Bang, mkulu wa labotale.

Eun-sol anatseka. Kunja dzuwa linali paliwombo, koma m'kachipindamo munali bii. Maso atazolowera, timbale ta patebulo tinayamba kuoneka. Munali tizilombo tomwe tinkapulula nsomba za alimi a ku Wando, ndipo tinkadziwalira tokha mobiriwira ngati ziphaniphani. Tikakhala moyo tinkawala, tikafa tinkazima.

M'manja anali ndi kabotolo ka madzi achikasu. Anali atatenga tizilombo tabwino m'kimchi, ndiwo ya kabichi wosasitsa, yomwe amayi ake anakonza asanamwalire, n'kutiweta, kenako n'kutipha ndi moto. Chotsala chinali msuzi wake basi.

"Ndiye ukuti akufa aphe amoyo?" a Bang anaseka. "Za m'mabotolo odula zatikanika, lero tithandizidwe ndi ndiwo? Dontheza tione."

Eun-sol anadontheza m'mbale iliyonse. Palibe chinasintha.

"Mwina amayi ako ali pa tchuthi."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, bwana."

Kenako pakati pa mbale yoyamba panabadwa kadontho kakuda. Kanakula pang'onopang'ono ngati diso likutseguka, mpaka mbale yonse inazima. Yachiwiri inatsatira, kenako yoyandikana nayo, ngati munthu akuyenda m'nyumba n'kumazimitsa nyale chipinda ndi chipinda. M'mdimamo munamveka fungo la adyo ndi jinja, lomwe lija la m'manja mwa amayi ake. Eun-sol anamva tsitsi likuima. Ankamva kupuma kwa a Bang, ndi kwake, ndipo sanafune kumvetsera kwambiri.

"Yatsa getsi," anatero a Bang, mawu atatsika. Litayaka anapukuta magalasi awo nthawi yaitali. "Tizilombo tako udapha tonse. Kuti tiyambirenso, pakufunika mtsuko wa kimchi uja."

Mtsukowo unali umodzi wokha, pakhonde la bambo ake a Eun-sol. Iwo ankatapamo kachidutswa kamodzi pa mpunga wam'mawa, ndipo sankalola ngakhale mlendo kuuvundukula.

Eun-sol anatuluka n'kuwaimbira foni. Anafotokoza za nsomba ndi za timbale, akudodoma.

Bambowo anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati, "Unayamba nthawi yanji zimenezo?"

"Posachedwapa. Bwanji, ababa?"

"Mtsukowu wakhala uli zii chisanu chonse. Koma panopa ukubwata, chivundikiro chikuchita kugogoda. Ndili nawo pano ndikuumvera."

"Ndi kutentha kumeneko, ababa. Kimchi imatero."

"Ndikudziwa." Anapuma mozama. "Mayi ako sankatha kukhala pansi ena akugwira ntchito. Bwera udzawatenge. Koma usawaike kumbuyo ndi katundu."

Madzulo Eun-sol anabwerera ku labotale akuyendetsa pang'onopang'ono, mtsuko uli pampando wakutsogolo ataumanga lamba. Wailesi sanayatse. Njira yonse chivundikiro chinkagogoda.