Filimu ya pa Foni ya Bambo

Ellina ankasankha nandolo pakhonde, njere imodziimodzi, makutu ali m'nyumba. Maliro a bambo ake, a Gregorio, anali atatha, koma fungo la utsi wa pasiwa linali lisanachoke m'zovala.

Mchimwene wake Dominic, mphunzitsi wa ku Namadzi, anatuluka ndi foni ya malemu. Foniyo inkapita kwa amalume m'mawa mwake, ndiye iye ankafufuta zam'kati. Chinatsala ndi filimu yoseketsa ya masiku a thangata, imene anyamata ena a m'tauni anadzajambula konkuno kwa Likoswe. M'filimumo bambo anali m'gulu la olima m'munda wa mzungu.

"Iyinso ipite," anatero Dominic. "Akuti 1914, koma kapitawo wavala wotchi ya batire. Mzungu wake ndi mnyamata wodzola ufa. Tamverani, kuseriko njinga yamoto ikulira! Agogo athu anayenda wapansi kuchokera ku Mozambique, anakwapulidwa ku Magomero, lero anthu aziseka?"

"Bambo ako ankaseka mpaka kutsokomola," anatero mayi awo, a Albertina, ali pamkeka.

"Ndiye tiziwakumbukira atavala chiguduli, mayi?"

Maso a mayi anachita ng'ala kalekale, moti filimuyo ankangoimva mawu. Ellina yekha ndi amene ankaidziwa yonse, poti ankaonera ndi bambo Lamulungu lililonse pochokera ku Misa. Koma chibadwire anali asanatsutsepo achimwene ake.

"Taonani izinso," anatero Dominic akuseka mowawidwa. "Ndowa yapulasitiki, yachikasu, ikudutsa kumbuyo kwa mzungu. Ojambulawo analibe maso?"

Chala chake chinayandikira pofufutira.

Ellina anaika lichero pansi. Mawu ake anatuluka aang'ono.

"Achimwene, tabwezani pang'ono. Musayang'ane ndowayo. Yang'anani amene wasenza."

Dominic anabweza, nayandikitsa foni kumaso. Chakutali, mayi wina wowerama ankachokera kumjigo. Pamzere wa olima munthu mmodzi anaponya khasu pansi n'kuthamanga chotsimphina, kapitawo akumukalipira zenizeni. Dominic anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Mwaona chiyani, ana inu?" anafunsa mayi.

"Musafufute, achimwene. Palibenso pena pamene tingawaone bambo akuyenda," anatero Ellina, kenako anatembenukira kumkeka. "Ndi inu, mayi, nthawi imene munkadwala msana ija. Ojambula anawauza kuti asasunthe mpaka amalize. Koma bambo anakuonani mutasenza, basi anathamanga kudzakutulani."