Makutu a Sikafu ya Amayi

"Usamasule zambiri, iwe," anatero amayi ali pampando wa pazenera, manja atawabisa m'juzi.

Kasingano anali atamasula kale mizere itatu. Dzinali anamupatsa ndi bambo ake tsiku limene anagula makina ake oyamba osokera, ndipo linamukakamira mpaka makasitomala anaiwala lenileni. Tsopano panali patatha masiku anayi chiwaikireni bambowo m'manda. Posanja zovala zawo m'kabati, anapezamo sikafu yofiirira yosatha kuluka. Ulusi wake unali uja wobwera ndi makutu akeake, tizingwe topindika tondondozana ngati zogwirira makapu. Chaka chilichonse kukayamba kuzizira, aliyense m'banjamo ankalandira yake. "Zoluka amayi anu izi," bambo ankatero popereka, chifuwa chili patsogolo ngati apambana mpikisano.

Kasingano anafuna kuimaliza sikafuyo asanabwerere kushopu kwake. Koma telala wosoka masuti a ukwati anakhala ola lathunthu akuitembenuza osaona poyambira. Manyazi bwanji!

Achimwene ake analowa akuseweretsa makiyi a lole.

"Ukadali pomwepo? Tamvera, tigwirizane lero. Ine mawa ndili pamsewu, iwe shopu ikukudikira. Amayi atsala pano, tizibwera mosinthana mwezi ndi mwezi."

"Okha?"

"Ali gwa amayi. Munthu woluka zinthu ngati izi angalephere kudziphikira?"

"Ndine mwana ine?" anatero amayi. "Pitani, musandidyere nthawi."

Kunena zoona, Kasingano anapepukidwa mumtima. Shopu yake inali kutali, ulendo wa tsiku lonse pa basi, ndipo anaimanga yekha kuchokera pa makina amodzi. Sanafune kuisiya.

"Munkalukira singano ziti, amayi?"

"Zomwezo. Zili m'chitini."

Chitinicho chinavuta kutsegula. Singano zinali zitachita dzimbiri, zina zitamatirirana. Anapukuta ziwiri n'kuyesa, koma makutu aja ankangopulumuka. Anayesa singano yokowera, mzere unatuluka wothina ngati lamba. Atakwiya anaziponya patebulo, n'kugwira khutu limodzi ndi zala, kulilowetsa m'linzake, n'kukoka. Linakhala bwinobwino. Analowetsa lachiwiri, lachitatu.

"Ohoo! Kani ndi zala basi! Amayi, munatibisira nzeru."

Amayi sanaseke. Anangoyang'ana panja, kumene kunali shedi ya bambo yopaliramo matabwa, chitseko chake chili chotseka.

Atamaliza mzere wonse, Kasingano anauyang'ana pa kuwala ndipo anaona kuti sukugwirizana ndi enawo. Makutu ake anapendekera kumanja, a m'mizere yakale kumanzere. Anamasula, analukanso, zomwezo. Kachitatu, mongoyesa, anayambira mbali inayo ndi dzanja lamanzere. Zala zinkachita chibwibwi, koma mzere unagona ndendende ngati anzake. Pokutumula sikafuyo kuti aione bwino, patebulo panagwa timadontho toyera. Anatitola ndi nsonga ya chala n'kununkhiza. Unali utuchi.

M'nyumba imeneyo wamanzere anali mmodzi yekha. Aphunzitsi anamukwapulira dzanjalo ali mwana koma silinamve, ndipo moyo wake wonse anacheka matabwa, kusenda malalanje ndi kukoka ana makutu ndi dzanja lomwelo.

Kasingano anakumbukira zinthu zimene ankaziseka. Zaka zapitazo bambo anayamba kuphika tiyi wam'mawa okha, kutsegula mabotolo, ngakhale kuyanika zovala pachingwe anthu akuona. Achimwene ankawanena kuti adyetsedwa mankhwala achikondi. Bambo ankangoti, "Ndinadya ndekha, ndipo ndinapempha ena." Onse ankafa nacho chiseko, osafunsa kanthu.

Kasingano anayang'ana amayi. Juzi yawo inali yosamanga mabatani chichitikireni maliro. Kapu ankainyamula poipana ndi zikhatho ziwiri. Masiku onsewa iye ankayesa kuti ndi chisoni.

"Amayi, tandionetsani manja."

"A chiyani?"

"Chonde."

Anawatulutsa pang'onopang'ono. Zala zinali zokhota, mfundo zake zotupa, chala chachikulu chitapindikira m'kati. Kasingano anamva chisoni, komanso manyazi aakulu. Iye wodziwa msinkhu wa munthu pongomuyang'ana sanaone manja a mayi ake omubala.

"Chiyambire liti?"

"Chaka chino n'chachisanu ndi chimodzi. Singano zinayamba kundigwa. Ndinalira, poti kuzizira kunali pafupi ndipo zidzukulu zinkadikira. Bambo ako anapita kusitolo, anabwera ndi ulusi uwu, akuti wogulitsa wawauza kuti sufuna singano. Anakhala m'shedimo sabata yathunthu akulimbana nawo. Yoyamba inatuluka ngati chisa cha mbewa." Amayi anaseka pang'ono, misozi ili m'maso. "Anati ana ali ndi mitolo yawo, tisawasenzetse wathu."

Makiyi aja anasiya kulira. Achimwene anawaika patebulo n'kukhala pansi.

"Nanga mabatani ankakumangirani ndani?" anafunsa motsitsa mawu.

"Iwowo, m'mawa uliwonse. Ankayambira pansi, akuti kuti pofika pakhosi andione nkhope."

Kasingano anaganiza za shopu yake, chikwangwani chimene anachilemba yekha, makasitomala amene anawapeza movutikira. Zinamuwawa, ndipo sanadzinamize kuti sizikumuwawa. Kenaka anayang'ananso shedi ija. Zenera lake linali lalikulu, loyang'ana kumsewu.

"Achimwene, lole yanu ija inganyamule makina awiri ndi tebulo lodulira?"

"Ngakhale khumi."

"Ayi, iwe," anatero amayi. "Usataye ntchito yako chifukwa cha ine."

"Anthu a kuno sayenda maliseche, amayi. Nawonso amafuna telala."

Kasingano anagwada n'kuwamangira amayi mabatani, kuyambira pansi. Atafika pakhosi sanathe kuwayang'ana nthawi yaitali. Anabwerera patebulo, natenga sikafu ija ndi dzanja lamanzere.

"Dikira," anatero amayi. "Ukatero ulusi upiringizika. Bwera nawo kuno."

Anakokera mpando pafupi, anatambasula mikono yawo iwiri kutsogolo, kuti mwana wawo akulungepo ulusiwo.

"Ntchito yanga inali imeneyi. Bambo ako ankati wogwira ulusi ndiye mwini sikafu, iwo ndi aganyu chabe." Anakweza mikonoyo pang'ono, monga anazolowera. "Ndiye usamati ankakunamizani."