Mzati wa Lefina

A Kalekeni a ku Chamama ankanyadira zinthu ziwiri: fodya wawo wa bale, ndi Lefina, mwana wa malemu mlongo wawo. Mukakumana nawo pamsika, moni asanathe n'komwe, anali atakuuzani kale kuti mwanayo ali ku Spain, akusewera basiketibolo, ndipo azungu amamuwombera m'manja ataimirira. Anthu inawakwana nkhaniyi, koma ndani angatseke pakamwa mkulu wa mpingo?

Lefina anabwera pakhomopo ali kamwana, maliro a mayi ake atangotha, ndipo anakula ngati bulugamu. Mphunzitsi wina wa ku Mtunthama ataona msinkhuwo anampatsa mpira, nati mwanayu angosowa poponyera. Tsiku lomwelo a Kalekeni anazula mzati wowongoka kuposa yonse pa chigafa chawo, anachotsa masipoko pa limu ya njinga, n'kuikhomerera pamwamba. Chigafa chinapendekeka chaka chonse, iwo osadandaula.

Pakhomo panali lamulo limodzi: manja a Lefina asakhudze fodya. Nyengo yothyola ikafika, akazi awo a Zelesi ankasoka masamba mpaka msana kuwawa, zala zili bii ndi utomoni, kwinaku akumva mpira ukudunda pabwalo.

"Kodi tikulera mfumukazi?" ankafunsa a Zelesi.

"Tikulera mwana wa mlongo wanga," ankayankha amuna awo.

Amayi a kutchalitchi nawo ankang'ung'udza za kabudula wa mtsikanayo. A Kalekeni anawauza kuti mpira susewereka mu chitenje, nkhani n'kuthera pomwepo.

Kenaka koleji ina ya ku America inamutenga. Chaka choyamba ankaimba foni akulira, akuti kuzizira kwake n'kolowa m'mafupa ndipo masewero amawaonera pa benchi. Amalume ake ankamuuza kuti mbande imafota ikangowokeredwa kumene, koma imadzuka. Anadzukadi. Pomaliza koleji anali kaputeni, timu ya ku Portugal inamulemba ntchito, ndipo pambuyo pake ya ku Spain inamulanda. A Kalekeni, amene sanapitirirepo Lilongwe, mayina a mizinda ya kumeneko ankawatchula ngati midzi ya kwa apongozi.

Chaka china, fodya ali m'chigafa, Lefina anatulukira ndi azungu onyamula makamera. Anati akujambula filimu ya moyo wake. A Kalekeni anapha mbuzi, anavala jekete lawo la Lamulungu, nsapato zitapukutidwa.

"Amalume, vulani jeketelo, kukutentha," anatero Lefina. "Valani zakumunda zija."

A Kalekeni anaseka, n'kukavala malaya ong'ambika paphewa. Azungu anawaimika m'chigafa, anawagwiritsa singano yosokera fodya, ndipo Lefina anawapempha kuti asamwetulire, poti filimu ndi yaulemu. Iye anaima pambali pawo n'kuyamba kulankhula Chingerezi chothamanga, akuonetsa zikhato zake ku kamera, misozi ili mbwembwembwe. A Kalekeni anaganiza kuti wakumbukira mayi ake, nawonso m'maso munadzadza. Ndipo monga achitira munthu wolongosoka mwana wake akamalankhula pamaso pa alendo, Lefina akawacheukira, iwo ankagwedeza mutu kuvomereza. Anagwedeza kambirimbiri, ndi mtima wonse.

Nyengo ya nazale itafika, anabwera Vincent, mlangizi wa kampani imene inkawapatsa mbewu ndi feteleza n'kumagula fodya wawo. Pa njinga yake yamoto panalibe thumba ngakhale limodzi. Anakana mpando, anakhala pa chitsa, maso ali pansi.

"Bambo, dzina lanu alichotsa pa kontirakiti. Akuti mumagwiritsa ana ntchito ya fodya."

"Ana ake ati?"

Vincent anatulutsa foni. A Kalekeni anadziona okha m'malaya ong'ambika, nkhope ili ndwii, singano ili m'manja. Mlangiziyo anamasulira pang'onopang'ono, mawu akumulemera. Lefina ankati bambo uyu ankamudzutsa m'bandakucha kukathyola fodya, ankamujombetsa kusukulu kuti azisoka masamba, ndipo mpira ndiwo unamupulumutsa m'manja mwake. Chiganizo chilichonse chikatha, nkhalamba ya m'foniyo inkagwedeza mutu.

"Ine ndikudziwa kuti ndi bodza," anatero Vincent. "Koma mabwana aonera, ndipo akuti mwavomera nokha."

A Zelesi, amene ankamvetsera ali pakhonde, anayang'ana zala zawo. A Kalekeni zinawapweteka kuposa tsiku limene anaika mlongo wawo m'manda, chifukwa imfa siinamizira munthu.

Anabwereka foni yomweyo n'kuimba. Lefina anayankha mosangalala, kumbuyo kukumveka mipira ikudunda.

"Mwanawe, ndinakudzutsapo liti kukathyola fodya?"

Lefina analankhula motsitsa mawu.

"Amalume, simungamvetse. Kuno atsikana aatali odziwa mpira ndi ambirimbiri. Chimene chinanditsekulira chitseko cha koleji ndi nkhani imeneyo. Ndinainena koyamba ndili mwana, anaikonda, ndiye kulikonse ndikapita amafuna yomweyo. Ndikaisintha lero, ndatha."

"Ndiye unasankha kuti ndithe ine."

"Sindinkadziwa kuti filimuyo ifika kumudzi. Za fodyazo musadandaule, ndizikusamalani."

"Sindinakuimbire kuti undisamale. Ndiyankhe chimodzi chokha. Limu ija, unawauza kuti anaikhoma ndani?"

Lefina anayankha mipira ija ikudundabe.

"Ndinati ndinakhoma ndekha, mobisa, inu mukundiletsa."

A Kalekeni anabweza foni kwa mwini wake ndi manja awiri, n'kumuthokoza chifukwa chobwera yekha osatuma munthu.

Vincent atapita, a Zelesi anatulutsa nkhwangwa n'kuitsamiritsa pa mzati uja. Amuna awo anaiyang'ana, anayang'ananso limu yadzimbiri ili m'mwamba.

"Bwezerani m'nyumba," anatero. "Ndikaudula, adzati ndikubisa umboni."

Filimu inayenda m'mafoni a pa Chamama ngati moto wa lupsa. Anthu amene anamuona Lefina akukula ankadziwa zoona, komabe ena anayamba kunong'onezana kuti za m'nyumba ya mwini sungazidziwe zonse. Kutchalitchi anawapempha mwaulemu kuti ayambe apumula pa ukulu wa mpingo mpaka nkhaniyo izizire.

Tsiku la msika anapita kukafuna mbewu ya soya. Wogulitsa wina wochokera ku Kasungu boma, amene sanamve kanthu, anawakuwira mwansangala monga mwa masiku onse.

"A Kalekeni, mwana wathu ali bwanji ku Spain? Tiuzeni, wagoletsa zingati?"

Anthu oyandikira anasiya malonda, makutu ali tcheru.

"Ali bwino," anatero a Kalekeni, n'kufunsa ngati soyayo ndi wa chaka chino.