Mayina Atasowa pa Seva ya Depoti

Mwala woyamba unaswa windo cha m'ma teni koloko m'mawa, ndipo Mthunzi anadziwa kuti mayina akapanda kubwerera pa sikirini, satulukamo wamoyo.

Mthunzi anali katswiri wa makompyuta wa ku Katete. Dzulo lake anakonza seva, kompyuta yaikulu ya depoti ina ku Vubwi, mmene munali mayina a alimi oyenera kulandira mbewu ndi feteleza. Antivayirasi, pulogalamu yolondera kompyuta, anaiuza kuti foda ya mayinawo isaikhudze. Bakapu nayo, pulogalamu yosunga makope a mafayilo, anaiuza kuti izigwira ntchito anthu akaweruka. Ankadziwa kuti ziwirizi zikambwandira fayilo ili pa ntchito, seva imauma gwa.

Koma a Ezara, bwana wa depotiyo, anali munthu wodziwa zonse, makamaka zimene sanaphunzire. Mthunzi atapita kukadya, iwo anasuzumira pa sikirini. Mlonda wouzidwa kuti chipinda china asalowemo? Ameneyu akufuna kutibera! Anafufuta malamulo onsewo, n'kudziyamikira okha.

Kutacha, antivayirasi inaluma fayilo ya mayina ija n'kuitsekera, mayina onse n'kusowa pa sikirini. Kunja alimi anali pamzere kuyambira m'mamawa, mvula yobzalira itagwa kale. Mphekesera sinachedwe: mayina afufutidwa dala, feteleza akupita ku Mozambique.

"Si ine, anthuni!" anakuwa a Ezara. "Ndi uyu wa ku Kateteyu! Ndiye anaigwira dzulo!"

Chitseko chinathyoka. Bambo wina wa chipewa chofiira, amene anzake ankamutchula kuti a Alick, anamukwapula Mthunzi kumaso ndi mpini wa khasu. Diso lakumanzere linazima pomwepo. Atagwa anamuponda m'nthiti, wina n'kumuswera mpando pamsana. A Ezara anali atabisala kale kuseri kwa matumba, manyazi alibe.

"Abambo," anatero Mthunzi akulavula magazi, "mukandipha, mayina anu afera momwemo. Ndipatseni mphindi zisanu chabe."

Anamukokera pa tebulo. A Alick anaima kumbuyo kwake, mpini uli m'mwamba. Mantha anamugwira Mthunzi mpaka m'mafupa, zala zikuterera ndi magazi pa mabatani. Anamasula fayilo ija, anabwezeretsa malamulo a antivayirasi ndi a bakapu, kenako anayatsanso pulogalamu. Sikirini inachita mdima. Wina kumbuyo anati, "Watinamiza, m'malizeni!"

Mayina anatsika, mzere ndi mzere. 

Mthunzi anapendeketsa mutu kuti aone ndi diso lotsalalo, n'kuwerenga dzina loyamba.

"A Alick Sakala. Matumba awiri a feteleza, limodzi la mbewu."

"Ndine," anayankha a chipewa chofiira aja, mawu atachepa ngati a mwana. Mpini anautsamiritsa kukhoma.

"Sainani apa, abambo."

Mthunzi anawapatsira cholembera, koma anaphonya dzanja lawo, chinagwa pansi. Anali asanazolowere kuona ndi diso limodzi.